Chizungu cha pa chidindo chinachokera kubusa

Pali Chizungu cha mitundu iwiri. Pali chija timachezera pa WhatsApp, chosakaniza ndi Chichewa, Chitumbuka ndi tizithunzi toseka, chimene ngakhale mwana wa Sitandade 5 amachimva. Kenako pali china chimene simungachimve m'nyimbo, ku mpira kapena pa bawo. Chimenechi chimabwera pa pepala, m'munsi mwake muli chidindo ndi kamzere koti musainepo. Mawu ake ndi monga “rescind”, “indemnify”, “abscond” ndi “forfeit”. Munthu woti unakhoza bwinobwino Chingerezi pa mayeso a MSCE, ukangowaona mawu amenewa thukuta limayamba lokha.

Sabata ino tiyeni tiwavule jekete aneni amenewa. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Euthini, kwa Inkosi Chindi m'boma la Mzimba, ndipo mukudziwa kale kuti mphunzitsi wa kumudzi saweruka. Akatuluka m'kalasi amapeza wina akumudikirira ndi kalata ya kukhoti, wina ndi fomu ya ngongole, wina ndi chithunzi cha pepala chimene mwana wake watumiza pa foni kuchokera ku Joni. Kuwerengera anthu mapepalawa kwandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mawu oopsawa ndi omwewomwewo, amangosintha pepala. Chachiwiri, ambiri mwa iwo anachokera ku Chilatini, ndipo eni ake a Chilatinicho anali alimi ndi abusa a ziweto ngati ife tomwe. Amene anakulira kubusa akhoza kuwamva msanga kuposa mwana wobadwira pakati pa London.

Chilatini chinalowa bwanji m'Chingerezi?

Chilankhulochi chinayambira m'dera laling'ono lotchedwa Latium ku Italy, m'mbali mwa mtsinje wa Tiber, kumene kuli mzinda wa Rome. Aroma analamulira Britain kuyambira chaka cha 43 mpaka cha m'ma 410, koma mawu ambiri amene tikukambawa analowa pambuyo pake, kudzera makomo awiri. Khomo loyamba linatseguka mu 1066 pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England. Kwa zaka pafupifupi 300 mafumu, oweruza ndi eni minda ankalankhula Chifalansa, chomwe ndi mwana wa Chilatini, Chingerezi n'kutsala kwa anthu wamba. Khomo lachiwiri linali la anthu ophunzira a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, amene ankatapa mawu m'mabuku a Chilatini n'kumathira m'Chingerezi, mpaka anzawo ena ankawanyoza kuti amenewo ndi mawu a m'botolo la inki.

N'chifukwa chake Mngerezi amakhala ndi mawu awiri pa chinthu chimodzi, la kunyumba ndi la ku ofesi. Kunyumba amati “ask”, kupolisi amati “interrogate”. Kunyumba amati “put off”, ku ofesi amati “defer”. Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo kuno mu 1891 anabwera ndi la ku ofesilo, n'kulikhazika m'makhoti, m'masukulu ndi pa boma. Dr Hastings Kamuzu Banda ankachikonda Chilatini moti pa Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, analamula kuti ophunzira onse azichiphunzira. Ambirife sitinapondeko kumeneko, koma pepala la chidindo silifunsa kuti munaphunzira kuti.

Kwa ife a ku Mzimba nkhaniyi siyachilendo. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba ali ndi chilankhulo chawochawo. Lero pamsika pa Euthini mumva Chitumbuka, ndipo olankhula Chingoni ndi owerengeka. Koma tamverani mayina a malo: Euthini, Ekwendeni, Embangweni, Edingeni, Engalaweni. Onse akuyamba ndi e- n'kuthera -ni, momwe Chingoni ndi Chizulu zimanenera kuti pamalo pakutipakuti. Tamveraninso mawu a pabwalo la milandu ndi pa ukwati, monga inkosi, induna ndi lobola, kapena dzina la mwambo wa Umthetho umene umachitikira m'munsi mwa phiri la Hora. Chilankhulo chikachoka m'khitchini chimakabisala kumene kuli ufumu, milandu ndi chuma. Chilatini nacho chinatero m'Chingerezi.

Ng'ombe, goli ndi mtolo

Tiyambe ndi “ruminate”. M'buku limatanthauza kusinkhasinkha nkhani mobwerezabwereza, koma ruminare wa Aroma ndi kubzikula, zija imachita ng'ombe ikagona pamthunzi masana. Mukagona usiku n'kumabwereza m'mutu mawu amene bwenzi lanu linakuyankhani, ndiye kuti mukubzikula.

Gulu la ziweto ankaliti grex. Kusonkhana ngati gulu limodzi ndi “congregate”, ndipo kupatula chiweto pagulu la zinzake ndi “segregate”, liwu lomwe linadzatchuka ndi tsankho la ku South Africa ndi ku America. Ziwetozo ankaziti pecu, ndipo popeza chuma cha Mroma chinkawerengedwa m'khola ngati cha Mngoni, ndalama anazitcha pecunia. M'banja lomweli ndi mmene munachokera “peculate”, kuba chuma cha boma chimene unapatsidwa kuti usunge. Zimene zinaululika ku Capital Hill mu 2013, zija timati Cashgate, mneni wake ndi ameneyu: mbusa kudya ng'ombe zimene anamutuma kuweta.

Goli ankaliti jugum, ndipo sub ndi pansi. “Subjugate” ndiye kuika anthu pansi pa goli. Aroma akagonjetsa adani ankazika mikondo iwiri, wachitatu n'kuupingasa pamwamba, ndipo ogonjawo ankadutsa pansi pake atawerama. Ng'ombe yaikazi ndi vacca, ndipo “vaccinate” anabadwa chifukwa mu 1796 dokotala wa ku England, Edward Jenner, anagwiritsa ntchito nthomba ya ng'ombe poteteza anthu ku nthomba yeniyeni. Muzu ndi radix, choncho akuluakulu akamalonjeza kuti achita “eradicate” umphawi akulonjeza kuuzula ndi mizu yomwe, osati kungosadza nthambi. Mbewu ndi semen, ndiye mabungwe akamati “disseminate” uthenga akunena kufesa. “Prevaricate”, kuzemba funso polankhula zozungulira, ankanenera mlimi amene pulawo yake yasiya mzere n'kuyamba kukhotakhota.

Limene ndimalikonda kwambiri ndi “exonerate”. Onus ndi katundu, ex ndi kuchotsa. Mukakumana ndi mayi anu akuchokera kunkhuni n'kuwalandira mtolo pamutu, mwawachita zimenezo. Khoti kapena komiti yofufuza ikakuchitani “exonerate”, yakutulani mtolo wa mlandu.

Kalata ya “rusticate”

Chaka china mayi wina anandipeza atanyamula kalata yochokera kusukulu yogonera konko kumene mwana wake ankaphunzira Fomu 3. Anandipatsa ndi manja awiri, nati, “Asambizgi, mwana wane ŵamuchimbizga.” Iwo anamva kuti mwanayo amuchotsa sukulu, ndipo pakhomo anali atayamba kale kusakasaka ndalama yoti akwere ulendo wa ku Joni. Nditawerenga ndinapeza kuti kalatayo inati mnyamatayo wachitidwa “rusticate” kwa masabata awiri, ndipo tsiku lobwerera, limodzi ndi kholo, linali litalembedwa m'munsi. Ndinati, “Amama, khazikani mtima pansi, sanamuchotse. Angomubweza kumudzi kuti akaganize bwino.”

Rus m'Chilatini ndi kumudzi, kuminda. Mayunivesite akale a ku England monga Oxford ndi Cambridge ankalanga wophunzira wopulupudza pomutumiza kumudzi kwa kanthawi, ndipo mwambowu unafika m'masukulu athu limodzi ndi liwu lake. Kuchotsedwa kwenikweni ndi “expel”, kuchokera ku pellere, kukankha kapena kupirikitsa. Mawu awiriwa akusiyana ngati kudwala ndi kumwalira. Mnyamata uja anabwerera pa tsiku lake n'kudzalemba mayeso. Chimandiseketsa n'choti kwa eni liwuli kumudzi ndi chilango, pamene enafe ndi kwathu ndipo timagonako tulo tabwino.

Mmene mungaphwanyire liwu

Luso lake muli nalo kale. Tengani mneni “manga”. Mumadziwa kusiyana kwa mangira, mangitsa, mangana ndi mangidwa popanda kutsegula buku. Mumadziwanso kuti kachidutswa ka -ul- kamatembenuza ntchito: mata ndi matula, yala ndi yalula, tseka ndi tsekula. Chichewa chimaphatika tizidutswa take kumapeto kwa tsinde, pamene Chilatini chimakonda kuphatika kumayambiriro. Kusiyana n'komweko basi.

Tizidutswa tofunika kuloweza n'tochepa. Re- ndi kubwerera kapena kubwereza. Ex- kapena e- ndi kutuluka. De- ndi kuchotsa kapena kutsitsa. Ab- ndi kutalikira. Ad- ndi kulowera kwinakwake, ndipo kawirikawiri d wakeyo amasintha kutsatira chilembo chotsatira. Con- ndi pamodzi, pro- ndi kutsogolo. Onjezani matsinde anayi: portare ndi kunyamula, mittere ndi kutumiza, vocare ndi kuitana, scindere ndi kung'amba.

Tsopano yesani. “Revoke” ndi kuitana chinthu kuti chibwerere, ndiye laisensi kapena chilolezo chikachitidwa zimenezi mwalandidwa. “Rescind” ndi kung'amba zimene zinagwirizanidwa, moti kalata yonena kuti ntchito imene anakulonjezani yachitidwa “rescind” ikutanthauza kuti musakwere basi, ntchitoyo kulibe. Nanga “procrastinate”? Cras ndi mawa. Ndi matenda aja a “ndiyamba kuwerenga mawa” amene amagwira ambiri mpaka mayeso atafika.

Mapepala a pa ulendo wa ku Joni

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo kuno n'zovuta kupeza mudzi wopanda munthu ku South Africa. Ulendowu sunayambe lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo ambiri ankangodinda chala pa mapepala amene sankatha kuwerenga. M'mapepalamo munali liwu loti “deferred pay”, kutanthauza kuti gawo lina la malipiro ankalisunga kuti munthu adzalandire atabwerera kumudzi. “Defer” ndi kunyamula chinthu n'kukachiika patsogolo. Mukachita “defer” maphunziro ku koleji, malo anu akadalipo, mwangosuntha nthawi. Amene wangosowa osalemba kalata sanachite zimenezo.

Adzukulu a anthu aja tili ndi mafoni m'manja, koma mawu akadali omwewo. “Remit” ndi kutumiza chinthu chibwerere, n'chifukwa chake ndalama zimene achimwene amatumiza pa Mukuru amazitcha “remittance”. “Expire” anachokera ku spirare, kupuma, ndipo kwenikweni ndi kutulutsa mpweya womaliza. Masiku a m'pasipoti akachita zimenezi ndiye kuti amwalira, ndipo maliro ake ndi odula. Mmalawi amaloledwa kucheza ku South Africa masiku 30 popanda viza. Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, wopitiriza masikuwo akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: akapitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, akapyola pamenepo ndi zaka zisanu.

Palinso “deport” ndi “repatriate”. Loyambalo ndi kunyamulidwa n'kuchotsedwa, ufune usafune. Lachiwirilo lili ndi patria, dziko la atate, ndipo limangotanthauza kubwezedwa kwanu. Malo osungirako anthu oyembekezera kuthamangitsidwa ku Krugersdorp amatchedwa Lindela Repatriation Centre, dzina lofatsa pa chinthu chowawa. Koma liwu lomweli mudzalipezanso pa pepala la inshuwalansi ya maliro, ndipo pamenepo likunena zonyamula thupi kubwera nalo kumudzi. Ngati m'bale wanu amalipira inshuwalansi yotere, muuzeni ayang'ane ngati liwuli lilipo komanso ngati likufika mpaka ku Malawi. Ayang'anenso “lapse”, lochokera ku labi, kuterereka. Akadumphitsa malipiro kwa nthawi imene yalembedwa pa pepalapo, inshuwalansiyo imaterereka n'kugwa, ndipo abale amadzazindikira tsiku la maliro, ndalama yonyamulira thupi ikufunika.

Fomu ya ngongole ndi kalata ya kukhoti

Pa fomu ya ngongole pali aneni atatu oti muwadziwe musanagwire cholembera. “Accrue” anachokera ku crescere, kukula. Chiwongoladzanja chikamachita zimenezi chikukula chokha tsiku ndi tsiku ngati udzu wa m'dzinja, ngakhale inu muli m'tulo. “Forfeit” anadzera m'Chifalansa kuchokera ku foris, kunja, ndi facere, kuchita, ndipo ankanena za munthu wochita zinthu kunja kwa malire. Lero ndi kuluza chinthu chifukwa chophwanya pangano, kaya ndi chikole, njinga yamoto kapena ng'ombe za bambo anu. Lachitatu ndi “indemnify”. Damnum ndi kuluza kapena kuwonongeka, ndipo in- pamenepa akukana. Mukasaina kuti mukuchita “indemnify” munthu kapena kampani, mwalonjeza kuti zikavuta iwo asaluze kanthu, woluza akhale inu. Ambiri amasainira mnzawo pongoti “ndi umboni chabe”, osadziwa kuti asenza mtolo wa eni ake.

Kukhoti nako kuli ake. “Remand”, amene tinamusandutsa limandi, ali ndi mandare, kulamula. Ndi kubwezedwa m'manja mwa osunga poyembekezera mlandu, ndipo munthu wa pa limandi sanapezeke wolakwa. “Adjourn” ali ndi liwu la tsiku mkati mwake, choncho mlandu ukachitidwa zimenezi waikidwa pa tsiku lina, sunathe ayi. Amene wamva molakwa n'kukhala kunyumba amalembedwa kuti wachita “abscond”, kuchokera ku abscondere, kudzibisa. Zikatero belo yake imachitidwa “revoke”, ndalama ya belo n'kuchitidwa “forfeit”, ndipo achibale amene anamuimira amalowa nawo m'madzi. Liwu lomasula ndi “acquit”, m'bale wake wa quietus, kukhala phee. “Convict” ndi “evict” onse ndi ana a vincere, kugonjetsa: wina wagonja pa mlandu, wina wagonja pa nyumba kapena malo.

Dziko lonse linaphunzira limodzi mneni wina pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu ku Lilongwe anachita “annul” chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019. Nullus ndi palibe, ndiye liwuli ndi kusandutsa chinthu kukhala ngati sichinachitike. Tippex amene anatchuka pa mlanduwo nayenso ali ndi mneni wake, “obliterate”, wochokera ku littera, chilembo. Poyamba penipeni ankatanthauza kufufuta zilembo.

Muzu ndi mlozo chabe

Ndikuchenjezeni pang'ono, kuopa kuti mungachoke pano muli maloya. Mawu amayenda, ndipo ena anasiya kwawo kalekale. “Execute” ali ndi sequi, kutsatira, ndipo amatanthauza kutsatira chinthu mpaka pamapeto. N'chifukwa chake amanenedwa pa kunyonga munthu komanso pa kusaina pangano, moti mukaona liwuli pa fomu musathawe, palibe akufuna kukuphani. Kachidutswa ka in- nako kali ndi nkhope ziwiri. Mu “indemnify” kakukana, koma mu “inundate”, wochokera ku unda, funde la madzi, kakutanthauza kulowa, ngati mtsinje wosefukira m'munda. Muzu umakupatsani chithunzi kuti liwu lisakuopseni ndiponso kuti musaliiwale. Tanthauzo la lero litsimikizeni mu dikishonale, ndipo foni imene mukuwerengera nkhaniyi ikhoza kusunga dikishonale yogwira ntchito ngakhale bandulo itatha.

Pa nkhani ya khoti, malo kapena ngongole yaikulu, dikishonale payokha siyokwana. Safunsa anadya phula. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndiponso womasuliridwa zokambidwa pa mlandu wake boma n'kulipira womasulirayo. Kuli a Legal Aid Bureau othandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Kunena kuti “bwana, tandiuzani m'Chichewa” kapena m'Chitumbuka si umbuli. Ndipo wokubwereketsani ndalama akakana kuti mupite ndi fomu kunyumba mukaiwerenge modekha, kukanako kwakuuzani kale zambiri.

Mawuwa musawaphunzire kuti muzikaopsezera anzanu. Tonse timamudziwa mkulu uja amene akaimirira pa maliro kapena pa msonkhano wa makolo amaphwanya Chizungu mpaka agogo kumangoyang'ana pansi. Kalata yofunsira ntchito yodzaza ndi “ameliorate” ndi “elucidate” siiposa yolembedwa mwachidule ndi momveka. Phindu la kudziwa aneniwa ndi loti pepala likafika pakhomo panu pakhale munthu mmodzi wotha kuliwerenga n'kuuza enawo m'chilankhulo cha pakhomopo zimene likufuna, tsiku lake ndi zimene zingatayike.

Ntchito ya kunyumba nayi. M'nyumba iliyonse muli chikwama kapena sutikesi yosungiramo mapepala. Madzulo ano pemphani amayi kapena adada akutulutsireni limodzi, kaya la ngongole, la inshuwalansi kapena la sukulu. Dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense amene simukumudziwa, mupatule kachidutswa ka kumayambiriro, mufufuze tsinde lake, kenako muwafotokozere eni pepalalo zimene anasainira. Mwina mupeza kuti zonse zili bwino. Mwinanso mupeza tsiku limene latsala pang'ono kukwana, nthawi yochitapo kanthu ikadalipo.

Tikumanenso sabata yamawa.